Route ya Marka mpaka Makhanga mu Open Rails: chigwa chathyathyathya koma FPS ikugwa pa Chiromo

Mlambe_Bangula
Akuluakulu, ndabwera ndi route ya njanji yathu ya kuno ku Chigwa: kuchokera ku Marka, kudutsa Nsanje, Tengani, Bangula, kuwoloka Shire pa Chiromo mpaka Makhanga. Yamangidwa mu TSRE5, pulogalamu yomangira njanji ndi malo ake, ikuyendetsedwa mu Open Rails, masewera a pakompyuta oyendetsa sitima, pa laputopu ya RAM ya 8 GB yokhala ndi khadi ya zithunzi ya Intel yomangidwira mkati. Mavuto alipo atatu.

Loyamba, nthaka yochokera mu SRTM, miyeso ya msinkhu wa nthaka yojambulidwa kuchokera mumlengalenga, yatuluka ndi timitumbira paliponse ngati munda wa mbatata, pomwe njanji yeniyeni imayenda pamalo athyathyathya. Lachiwiri, pakati pa Nsanje ndi Tengani FPS, chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, ikukhala cha m'ma 40, koma sitima ikangoyandikira Chiromo ikugwera pa 11 kapena 12, ndipo chithunzi chikumaima njii kwa masekondi awiri chisanapitirire. Lachitatu, pa zidutswa za dynamic track, njanji zomwe pulogalamu imajambula yokha, mawilo akuyenda mkati mwa njanji, osati pamwamba pake. Tiyambire pati?

Njanji1067
Achimwene, tiyambe ndi lachitatulo poti ndi lopepuka. Njanji yathu ndi ya mamilimita 1,067, pomwe Open Rails ikasiyidwa yokha imajambula dynamic track ya mamilimita 1,435. Kusiyanako ndi mamilimita 368, ndiye gudumu lililonse likulowa mkati ndi mamilimita 184. Malo okonza ndi awiri. Mu foda ya route pangani foda ya TrackProfiles, muikemo fayilo ya TrProfile.stf, ndipo m'menemo mbali yamkati ya njanji iliyonse ikhale pa 0.5335 kuchokera pakati, kumanzere -0.5335, kumanja 0.5335. Mbali yakunja muisunthe mofanana kuti mutu wa njanji usanenepe. Miyala ya njanji nayonso ichepetsedwe m'lifupi, apo ayi iwoneka ngati msewu wa M1.

Malo achiwiri anthu amawaiwala. Superelevation, kupendekeka kwa njanji pokhota, ikayatsidwa, pulogalamu imajambulanso makhota paokha, ndipo imatenga gauge, mpata wa pakati pa njanji ziwiri, yolembedwa mu Options. Sinthani pamenepo kukhala 1067. Mukapanda kutero, njanji imakhala bwino powongoka n'kutambasuka mwadzidzidzi pokhota.

Mbuya_Tengani
Musanakhudze chilichonse, ana anga, gwirizanani kaye kuti mukumanga chaka chiti. Njanji iyi si imodzi zaka zonse. Ya Port Herald, Nsanje ya lero, kufika Blantyre inatsegulidwa mu 1908. Mu 1915 inapitirira kummwera mpaka Chindio m'mbali mwa Zambezi, ndipo mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935 sitima inayamba kufika ku Beira popanda kutsitsa katundu n'kumuwolotsa pamadzi. Mlatho wa Chiromo unakokoloka mu 1948, wina n'kutsegulidwa mu 1950. Mpaka 1970, pomwe njanji ya Nacala inalumikizidwa kudzera ku Nkaya ndi Nayuchi, katundu yense wa sitima wolowa ndi kutuluka m'dziko muno ankadutsa pa Bangula pomwepa. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya Beira m'zaka za m'ma 1980. Mu 1997 madzi anadula mtumbira wa njanji pafupi ndi Chiromo, pamalo omwe tsopano timati pa Mtayamoyo, ndipo sitima yochokera ku Limbe inayamba kuthera pa Makhanga. Madzi a mu January 2015 anasinthanso Makhanga yense, Ruo atatenga njira ina.

Ndiye mukafuna sitima yowoloka Shire, mukumanga chaka chisanafike 1997. Zithunzi za satelayiti za lero zikuonetsani chigwa cha pambuyo pa 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023. Kukopera zimenezo n'kuyendetsapo sitima ya Malawi Railways ndi kusakaniza nthawi ziwiri. Doko la Nsanje, lomwe linatsegulidwa mu 2010, lisapezekemo. Kwa ine zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ndizo zoyenera khama lanu, pomwe mainjini a dizilo a kampani ya AEI a mtundu wa Zambesi ankakoka katundu wa ku Beira.

Mlambe_Bangula
Takhuta, Mbuya. Tigwirizane pa zaka za m'ma 1970, mlatho uli wathunthu.

Chemwali_Muona
Za timitumbirato. Choyamba onetsetsani kuti mafayilo alipo onse. Dzina la fayilo ya HGT, momwe SRTM imasungidwa, limatengera ngodya ya kummwera chakumadzulo, ndiye Nsanje, Bangula ndi Makhanga zili mu S17E035, Marka ali mu S18E035, ndipo mukadzafuna Limbe ndi phiri la Mulanje ndi S16E035. Mapiri a kumadzulo amafuna S17E034. Tengani za mamita 30, zomwe zili ndi madontho 3601 mbali iliyonse ndipo fayilo imodzi ndi pafupifupi 25 MB. Ngati yanu ili yosakwana 3 MB, ndi ya mamita 90.

Timitumbira timabwera pa zifukwa ziwiri. SRTM inajambulidwa ndi radar mu February 2000, ndipo radar imabwerera ikagunda chilichonse chapamwamba: nsonga za mitengo, bango, madenga. Mudzi wokhala ndi mitengo yambiri umatuluka ngati chulu. Komanso fayilo ya HGT imasunga mamita athunthu okha, palibe theka. Pamalo omwe nthaka imatsika mita imodzi pa kilomita imodzi kapena ziwiri, mumapeza masitepe, ndipo sitepe ya mita imodzi pa mamita 30 ndi chikweza cha 33 pa 1,000. Ku Thekerani zimenezi sizioneka chifukwa phiri limazimeza. Kuno kumunsi zimaonekera poyera.

Njira yake ndi iyi. Lowetsani mafayilo mu QGIS, pulogalamu ya mapu, muwalumikize kukhala chimodzi. Pangani chigoba cha malo onse omwe ali pansi pa mamita 100. Pamalo amenewo pokha pititsani Gaussian filter yotambalala mamita 150 mpaka 200, kwinako musakhudze, chifukwa mukasalaza zonse mapiri a Matandwe kumadzulo kwa Nsanje asanduka mitanda ya nsima. Kenako dulani mubwezere ku HGT ndi gdal_translate, driver ya SRTMHGT. Madontho akhale 3601 ndendende ndipo dzina likhale lolondola. Copernicus GLO-30 ndi yosalala kuposa SRTM ndipo imasinthika mwa njira yomweyo, koma masitepe a mita imodzi amabwererabe mukangoisunga ngati HGT.

N'chifukwa chake njanji isamatsatire nthaka. Lembani kaye msinkhu wa siteshoni iliyonse, muwerengere chikweza pakati pake, muyale njanji pa manambala amenewo, ndipo nthaka ndiyo ibwere ku njanji ndi batani la F la mu TSRE5.

Njanji1067
Ndiwonjezereko pa F. Tile imodzi, chigawo cha nthaka ya route, ndi mamita 2,048 mbali zonse, ndipo madontho a nthaka ndi otalikirana mamita 8. Mtumbira wa njanji ya 1,067 pamwamba pake ndi wopapatiza kuposa mamita 8 amenewo, ndiye F amakupatsani chimtumbira chonenepa, ndipo pomwe njanji ikupingasa madontho m'mbali mwake mumatuluka mano ngati a sowo. Pakati pa Bangula ndi Chiromo, pomwe mtumbira ndiwo nkhani yonse, pangani mtumbira wa mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D: zidutswa za mamita 50 ndi 100, texture (chithunzi chokutira chinthu) imodzi, mapazi ake olowa pansi mita imodzi kuti pasaoneke mpata. Nthaka yeniyeni muisiye pa msinkhu wa dambo. Makalavati nawo amakhala bwino mu mtumbira wotere kusiyana ndi kuboola nthaka.

Pa makhota, musaganizire radius ndi maso. Pa chithunzi jambulani mzere wowongoka wolumikiza malo awiri a khota, muyeze kutalika kwake, kenako muyeze kuchokera pakati pa mzerewo kufika pa njanji. Chulukitsani kutalika kwa mzere ndi iko komwe, mugawe ndi kasanu n'katatu ka mpata wapakatiwo, muwonjezere theka la mpatawo. Mzere wa mamita 100 ndi mpata wa mamita 5 zimapereka 10,000 kugawa ndi 40, kuwonjezera 2.5, ndiye mamita 252.5.

Chemwali_Muona
Kuyezako kuchitike mu QGIS, osati mu TSRE5. Mapu a masewerawa anatengera kapangidwe ka Goode homolosine kuchokera ku Microsoft Train Simulator ya 2001, ndipo gawo lathu la Africa mzere wake wapakati uli pa madigiri 20 kummawa. Ife tili pa 35, ndiye kumpoto kumapendekeka ndi madigiri pafupifupi 4, ndipo mtunda wopingasa umatalika kapena kufupika mpaka pafupifupi 4 pa 100 alionse. Khota lozungulira bwino limatuluka lophwanyika pang'ono pa ma marker, zizindikiro zoonetsa pomwe njanji yeniyeni imadutsa. Musalimbane nalo. Ikani radius yomwe mwawerengera, mulole njanji ichoke pa marker ndi mamita angapo.

Ndipo amene akugwiritsa mapu akale a 1:50,000 a ku Surveys, omwe ndi abwino kwambiri poona momwe Ruo ankayendera kale, akumbuke kuti ali pa Arc 1950, EPSG:20936, pomwe GPS ndi satelayiti zili pa WGS 84, EPSG:32736. Mukasakaniza, siteshoni imasuntha mamita mazana angapo, mwina kugwera mumtsinje.

Phokera_GPU
Tsopano za FPS. Musayambe kufufuta zinthu mwachisawawa. Tsegulani HUD, tsamba la manambala la mu Open Rails, F5 m'ma version akale kapena Alt+F5 m'atsopano, musindikize Shift+F5 mpaka tsamba la debug. Imitsani sitima pamalo abwino a pakati pa Nsanje ndi Tengani, mulembe manambala, kenako pa Chiromo mulembenso. Muone chiwerengero cha primitives, ndi momwe Render, Updater ndi Loader process zikutanganidwira. FPS ya 30 ikutanthauza kuti chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi 33 okha. Pa 12 chikudya 83.

Ambiri amaloza chala ma triangle, koma kawirikawiri wolakwa ndi primitive. Primitive iliyonse ndi ulendo umodzi wa CPU kupita kwa khadi kukanena kuti jambula ichi. Nyumba ya ma triangle 40 yokhala ndi ma texture asanu, la khoma, la denga, la chitseko, la zenera, la khonde, ndi maulendo asanu. Nyumba 300 zotere ndi maulendo 1,500. Mukatenga nyumba khumi, nkhokwe ndi khola n'kuziphatikiza kukhala shape imodzi ya texture imodzi ya 1024, mudzi womwewo ndi maulendo 30. Ma triangle sanasinthe ngakhale limodzi. Ndipo dynamic shadows zikayatsidwa, chinthu choponya mthunzi chimajambulidwanso mu mapu a mthunzi, omwe amafika anayi. Chisankho chopatsa mthunzi shape iliyonse chizimitsidwe pa khadi ya Intel, popanda kukambirana.

A Mlambe, bango la pa Chiromo munaliika bwanji? Limodzilimodzi kapena forest?

Mlambe_Bangula
Limodzilimodzi, ngati static. Mu tile ya mlatho muli zitsamba za bango pafupifupi 2,800, za mitundu 14. Primitives pa Chiromo zikudutsa 6,000, ku Tengani sizikufika 900. Render process ndi yomwe yadzaza.

Phokera_GPU
Ndi pamenepo. Forest imodzi, gulu la zomera zoyalidwa pamodzi, kaya ili ndi mitengo 50 kaya 2,000, imapita kwa khadi ulendo umodzi. Lembani bango mu forests.dat, msinkhu mamita 3, ndipo muyale ma forest aatali opapatiza motsatira gombe. Static musiye pa zinthu zomwe diso limazizindikira pazokha: mlambe wa pafupi ndi siteshoni, migwalangwa ingapo yoima payokha, bwato pa dooko. Yatsaninso model instancing, yomwe imasonkhanitsa ma shape ofanana a m'tile imodzi. Imathandiza mitundu ikachepa. Mitundu 14 itsike ifike pa itatu, ndipo kusiyana kubwere potembenuza.

Koma forest nayo ili ndi msampha wake. Mtengo uliwonse ndi chithunzi chathyathyathya chomwe gawo lalikulu ndi loonekera, ndipo khadi imagwira ntchito ngakhale pa gawo loonekeralo. Mukayang'ana dambo kuchokera mu cab, mizere 60 ya bango yaima wina kumbuyo kwa mnzake, kadontho kamodzi ka pa sikirini kakuwerengedwa kambirimbiri. Khadi yomangidwira mkati imafooka apa. Ndiye bango likhale lothithikana mamita 60 oyambirira okha kuchokera pa njanji. Kuyambira pamenepo mpaka mamita 300 lichepe kanayi koma chithunzi chake chikhale chotambalala, chitsamba chimodzi choimira zisanu. Kupitirira apo mtundu wa nthaka ugwire ntchito. Dulaninso chithunzicho mothina kuti m'mbali musatsale malo opanda kanthu. Mu fayilo ya .trk lembani ORTSUserPreferenceForestClearDistance ( 3 ) kuti bango lisamere pakati pa njanji.

Kaombe_Shed
Ine pa mtundu wa nthaka ndikusiyana nanu pang'ono. Chigwa chathu chilibe phiri lobisa kanthu, diso limapita kutali. Texture imodzi yobwerezedwa imaoneka ngati chitenje chomwechomwecho kuyalidwa mpaka ku Chikwawa. Bwanji osaika chithunzi cha satelayiti pa patch iliyonse? Minda ya thonje, mapira, madimba, njira za ngolo, zonse zibwera zokha.

Phokera_GPU
Akulu, tiwerengere. Tile imodzi ili ndi ma patch 256, 16 mbali iliyonse, patch imodzi mamita 128. Texture ya 512 yosapanikiza ndi 1 MB, ndi ma mipmap ake (timakope tating'ono toonekera patali) 1.33 MB. Kuchulukitsa ndi 256 ndi 340 MB pa tile imodzi. Mu DXT1, njira yopanikizira zithunzi, imatsika kufika pafupifupi 43 MB. Sitima ili pakati, ma tile osachepera 9 ali mu memory, ndiye pafupifupi 390 MB pa nthaka yokha, ndipo khadi ya Intel ilibe memory yakeyake, imabwereka pa 8 GB yomweyo. Marka mpaka Bangula ndi makilomita 72, omwe ndi ma tile 35 mu mzere umodzi, oposa 100 mukaika atatu m'lifupi. Zimenezo ndi zopitirira 4 GB zoti mnzathu wa ku Fatima adzatsitse ndi bandulo ya pa foni. Komanso 512 pa mamita 128 ndi madontho anayi pa mita: kuchokera kumwamba n'kokongola, mu cab ndi phala.

Kaombe_Shed
Manambalawo sindikutsutsa. Koma chitenjecho chikhalabe chitenje.

Chemwali_Muona
Onse awiri muli ndi mfundo, koma pali china chomwe Mbuya ananena kale: satelayiti ya lero si chigwa cha 1970. Komanso zithunzi za Google sizololedwa kugawidwa mkati mwa route. Za Sentinel-2 ndi zaulere, mamita 10 pa dontho, ndipo ntchito yake ikhale yongokuuzani kuti apa ndi dambo, apa munda, apa mchenga.

Chitenje chimathyoka ndi ma texture 12 mpaka 16 okonzedwa bwino: dothi lakuda la makande, mchenga wa m'mitsinje youma, munda wolimidwa, udzu wouma, dambo lobiriwira, bwalo la mudzi, ndi ena olumikiza awiriawiri. Chinsinsi n'chakuti mu texture musakhale chinthu chodziwika, monga chitsamba chimodzi chakuda, chifukwa ndicho diso limagwira chikabwerezedwa. Tembenuzani texture pa ma patch oyandikana. Kupenta kwapadera kusungidwe pa ma patch okhudza njanji pa masiteshoni, mwina 20 kapena 30 pa siteshoni.

Pali kanjira kena kokoma. Open Rails imatenga ma texture a nthaka mu foda ya Snow ya mkati mwa TERRTEX nthawi iliyonse mukasankha Winter, kaya kuli mvula kaya dzuwa. Kuno chipale kulibe, ndiye fodayo ndi ya ulere. Ikani zobiriwira za dzinja mu TERRTEX, ndipo mu Snow muike zofiirira za chilimwe, mayina a mafayilo akhale ofanana. Mitengo nayo imatsatira ngati mu fayilo yake ya .sd muli ESD_Alternative_Texture ( 252 ) ndipo mafoda a nyengo mu TEXTURES adzazidwa. Mlambe wopanda masamba pa dothi louma, ameneyo ndiye Bangula amene timamudziwa.

Kaombe_Shed
Ya Snow ija ndaigula. Pa masiteshoni ndipentabe ndekha, makamaka pa Bangula pomwe panali mashedi ndi thonje.

Mbuya_Tengani
Madzi musawaiwale, poti pa Chiromo ndi pomwe Ruo ankathira mu Shire. Msinkhu wa madzi umaikidwa pa ngodya zinayi za tile. Ngodya yomwe ma tile awiri akugawana ikhale ndi nambala imodzi mbali zonse, apo ayi mtsinje umakhala ndi sitepe pakati. Kumbani pansi pa mtsinje mamita awiri kapena atatu kutsika pa madzi, ndipo gombe likwere msanga. Pomwe nthaka ndi madzi zatsala pang'ono kufanana, chithunzi chimaphethira kutali chifukwa khadi imalephera kusankha chapamwamba. Ndiye Elephant Marsh musaithire madzi yonse. Yatsani madzi pa ma patch a mtsinje ndi maiwe akuluakulu okha, kwinako ndi mtundu wobiriwira ndi bango. Ndipo mtundu wa madzi mu ENVFILES usinthidwe. Shire si wabuluu ngati nyanja ya ku Mangochi, ndi wofiirira ngati tiyi wamkaka, makamaka kumunsi kwa Ruo nthawi ya mvula.

Mlambe_Bangula
Nanga mlathowo? Uli ndi ma triangle 180,000, LOD imodzi (ulibe maonekedwe opepuka a patali), ma texture 9 a 2048 mu mafayilo a ACE. Chitsulo chilichonse ndi chojambulidwa, mpaka timisomali.

Phokera_GPU
Ndi umenewo ukuimitsa chithunzi masekondi awiri. Texture ya 2048 yosapanikiza ndi 16 MB, ndi ma mipmap 21 MB. Zisanu n'zinayi ndi 190 MB zolowa nthawi imodzi tile ikamatsegulidwa. Ya 2048 yomweyo mu DDS ya DXT1 ndi 2.7 MB, mu DXT5 ndi 5.3 MB. DXT5 ndi ya zinthu zofuna kuonekera kosalala ngati galasi basi. Masamba, mipanda ndi zitsulo zimakwana mu DXT1 ya alpha ya inde kapena ayi. Ma mipmap musawasiye poganiza kuti mukupulumutsa malo, chifukwa popanda iwo zinthu zakutali zimanyezimira ndipo khadi imavutika kwambiri.

Mlatho ndi umodzi, ndipo ndi nkhope ya route yonse, ndiye ndikuvomera kuti ulandire zambiri kuposa china chilichonse. Koma ugawidwe. Span iliyonse, gawo la pakati pa nsanamira ziwiri, ikhale shape payokha, kuti LOD igwire pa span yomwe ili kutali, komanso kuti zofanana zigwiritse fayilo imodzi. Mu Blender, pansi pa collection ya MAIN, pangani MAIN_0200, MAIN_0800 ndi MAIN_2000. Yoyamba ikhale ndi zitsulo zonse, ma triangle 8,000 pa span akukwana, timisomali tikhale pa texture. Yachiwiri zitsulo zikuluzikulu zokha ngati mabokosi, cha m'ma 800. Yachitatu makoma awiri athyathyathya okhala ndi chithunzi cha zitsulo, ndi pansi pake, osafika 50. Ma texture awiri a 1024 akwanira mlatho wonse chifukwa chitsulo chimabwerezabwereza.

Ma sleeper nawo chimodzimodzi. Akatalikirana masentimita 70 ndi 1,430 pa kilomita, ma triangle 10 lililonse ndi 14,300. Aoneke athunthu mpaka mamita 150, kupitirira apo akhale chithunzi pa miyala.

Njanji1067
Funso la Kaombe la diso kupita kutali lili ndi yankho lina lotchipa. Musakweze viewing distance. Kuichotsa pa mamita 2,000 kuika 4,000 kumachulukitsa malo ojambulidwa kanayi, ndipo tile iliyonse ili ndi ma triangle 131,072 a nthaka yokha. Chomwe chimapatsa chigwa kukula kwake ndi mapiri a m'mphepete, ndipo amenewo ndi ntchito ya distant mountains, ma tile akuluakulu a mu LO_TILES opanda nyumba kapena mtengo. Amadya pang'ono kwambiri. Phiri la Chiperone la ku Mozambique, lomwe linapereka dzina ku chiperoni, lili pafupifupi makilomita 60 kummawa kwa Bangula, ndiye pa makilomita 40 silituluka. Kwezani mufike 70, ndipo ma tile akutaliwo apangidwe mpaka kumeneko. Mapiri a Thyolo kumpoto ndi a kumadzulo kwa Nsanje ali pafupi, abwera okha. Mukaona nthaka ya kutali ikutulukira pamwamba pa njanji, itsitseni mamita angapo m'chigwa monse.

Komanso perekani detail level pa zinthu mu TSRE5 pomwe mukuziika. Njanji, mlatho ndi siteshoni zikhale pa 0. Nyumba zapafupi pa 2 kapena 3. Mbuzi, njinga za kabaza, milu ya nkhuni pa 8 kupita mtsogolo. Wa kompyuta yofooka atsitsa world object density, zokongoletsa zichoka, njanji itsala. Kuchita zimenezi kumapeto, zinthu zitafika 20,000, ndi chintchito chosatha.

Mbuya_Tengani
Poyesa FPS muziyesa nthawi yofanana ya tsiku. Mu October ndi November kuno kumadutsa madigiri 40, ndipo purosesa ya laputopu ikafika m'ma 90 imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Route yomweyo ikhoza kupereka 35 mmawa n'kupereka 22 masana popanda chosintha. Kwezani laputopu kumbuyo kuti mpweya udutse pansi, musaiike pa bedi kapena pa mkeka, fumbi la mu fani lichotsedwe, ndipo muziyesa ili pa chaja chifukwa pa batire imadziletsa mphamvu. Kutsekera FPS pa 30 kumachepetsa kutentha, ndipo 30 yokhazikika pa sitima ya katundu ndi yabwino kuposa 50 yodumphadumpha.

Za magetsi: akathima pakati pa kusunga, fayilo ya .tdb, yomwe imauza sitima pomwe njanji ili, imatha kuduka. Musanayale njanji tsiku lililonse koperani .tdb, .tit, .rdb, tsection.dat ya mkati mwa route, ndi mafoda a WORLD ndi TILES, zonse pamodzi, pa flash. Kubwezera .tdb ya dzulo pa WORLD ya lero kumabala njanji yooneka koma sitima osaidziwa, kapena sitima yoyenda pa udzu.

Mlambe_Bangula
Zomwe zasintha mu tile ya mlatho: bango lalowa mu ma forest 11, nyumba zaphatikizidwa m'magulu 24, mlatho wagawidwa ma span ndi ma LOD atatu, ma texture onse apita ku DDS. Primitives zatsika kufika pafupifupi 1,300, FPS pa Chiromo ikukhala 31 mpaka 34 mmawa, mithunzi ili yoyaka. Kuima kuja kwatsala kochepa polowa Makhanga. Mawilo ali pa njanji. Chatsopano n'chakuti mu OpenRailsLog.txt mukutuluka machenjezo ambiri a ma texture osowa mu foda ya Winter, ndipo mitengo ina ikutuluka yotuwa.

Chemwali_Muona
Imeneyo ndi 252 ija. Shape iliyonse yomwe mwailembera nambalayo imafuna texture yake ipezeke m'mafoda a nyengo, dzina lomwelo. Migwalangwa ndi mitengo ya mango sizisintha masamba, ndiye zibwezereni pa 0 kuti musasunge chithunzi chimodzi kangapo. 252 itsale pa milambe, udzu wautali ndi minda.

Phokera_GPU
Kuima kwa pa Makhanga yang'anani Loader process pomwe kukuchitika. Ngati route ili pa hard disk yozungulira, isamutsireni pa SSD, ngakhale ya 128 GB. Ngati ili kale pa SSD, werengani mitundu ya ma shape omwe akupezeka pa Makhanga pokha osapezeka pa Chiromo, chifukwa chilichonse chatsopano chimayenera kuwerengedwa pa disk, pomwe chomwe chagwiritsidwa kale tile yapitayo chili mu memory. Nyumba zomwezo za pa Chiromo zitembenuzidwe, zigwirenso ntchito pa Makhanga.

Njanji1067
Mukadzapitirira Makhanga kukwera ku Sankhulani, Thekerani ndi Sandama motsatira Ruo, zambiri zomwe tanena zitembenuka. Kumeneko chigoba cha mamita 100 chisafikeko, SRTM isiyidwe ndi makwinya ake. Mapiri amatseka maso, ndiye zinthu za kupitirira mamita 300 kuchokera pa njanji n'zosafunika n'komwe, ndipo ma tile awiri m'lifupi akwanira m'malo ambiri. Vuto lidzakhala F pa makhota othina a m'mbali mwa phiri: akakonza chidutswa chimodzi amagumula cha pafupi, chifukwa madontho a mamita 8 ndi ogawana. Yambirani kumunsi kukwera, chidutswa chimodzichimodzi, ndipo m'mbali mwa phompho muike khoma la mwala la mu Blender m'malo mokoka nthaka. Chikweza chisinthe pang'onopang'ono, 2 pa 1,000 pa mamita 20 alionse, apo ayi mabogi adzagwedezeka polumikizira ndipo coupler idzaduka mu simulator pamalo pomwe sitima yeniyeni inkadutsa bwinobwino.